Bondo Langa ndi Makina a pa Khonde

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ndine mwana wanu Saidi, telala wa pa Ntaja. Kuno tili moyo, Alihamudulillahi. Mukudziwa kuti ine cholembera chimandithawa m'manja, ndiye amene akulemba ndi aphunzitsi a Kalonga, oyandikana nawo nyumba. Ndawapempha kuti alembe mawu anga momwe akutulukira, asawadzoze mafuta a kusukulu, kuti mukamamva muzindikire kuti ndine. Andifunsa kuti kalata ya kwa malemu tikaponya pa positi iti. Ndawayankha kuti zimenezo ndi zanga, iwo alembe basi. Kale ndili ku Halale ndinkakutumizirani makalata olembedwa ndi anthu ena, inu n'kukapeza wokuwerengerani, ndipo tinkamvana bwinobwino.

Chichokereni inu mbumba yakula. Mdzukulu wanu Asani, wogwira ntchito ya njanji ku Balaka uja, ali ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mawu akenso ndi anu ndithu: akafuna chinthu, mzere wonse wa nyumba za njanji umadziwa. Ku Ngokwe mlongo wanga Hawa walima thonje labwino chaka chino, chimanga chokha ndiye chinavutika ndi ng'amba ya pakati pa dzinja, komabe m'nkhokwe muli kanthu. Nandolo wabereka mpaka nthambi kugwa. Mango munabzala kuseri kwa khitchini aja ayamba kubereka, ana akuwagenda akadali aawisi, ndipo palibenso wowathamangitsa ndi chitsotso cha chimanga monga munkachitira inu. Mbuzi yanu yakuda ija inafa ndi ukalamba, koma yasiya ana osamva ngati iyo yomwe.

Tsopano ndikuuzeni nkhani imene yandikhazika pamphasa ya aphunzitsi lero, nkhani ya mwendo wanga. Musadzidzimuke, mwendowo ulipo. Chimanga chitangolowa m'nkhokwe ndinapita ku Ngokwe kukaona Hawa, ndipo pobwerera anandimangirira thumba la mtedza panjinga. Potsetserekera kumtsinje gudumu lakutsogolo linatitimira mumchenga, ine n'kugwera kumanzere, njinga ndi thumba zonse pamwamba panga. Ndinamva kuti thyo pansi pa bondo. Anthu ochokera kuchigayo ndiwo ananditola, n'kuimitsa lole imene inanditengera kuchipatala cha boma. Kumeneko anandijambula, nati fupa la msongolo lathyoka, n'kundiveka chikhakha kuyambira pantchafu mpaka kuzala. Nyengo yonse yozizira ndinakhala m'chikhakha chimenecho, mukuyabwa mkati mosatheka kukanda.

Tsiku limene anachidula, ndinayang'ana mwendo wanga osauzindikira. Unali wowonda ngati wa mwana, khungu likufundula, ndipo bondo linali gwa ngati mpini wa khasu. Adokotala anati fupa lalumikizana bwino, ndizibwera kuchipinda chimene amachitirako mafizo, kumene amaphunzitsa ziwalo zovulala kugwiranso ntchito. Koma Amayi, kuchokera pa Ntaja kukafika kumeneko ndi ulendo wa basi, ndipo munthu wa mwendo wosapinda akhala bwanji pampando wa basi? Ndinabwerera kunyumba, ndinayala mphasa pabalaza, n'kugona.

Mukudziwa mmene timasungira wodwala kwathu kuno. Anthu ankabwera kudzandizonda m'mawa ndi madzulo, wina ndi nthochi, wina ndi mazira, ndipo aliyense potsanzika mawu ake anali amodzimodzi: “Musaugwedeze, Che Saidi, ungathyokenso.” Apongozi anu, akazi anga Abiti Jafali, sankandilola ngakhale kudzitengera kapu. Madzi osamba pomwepo, chakudya pomwepo, ndikati ndidzuke ankathamanga ngati nyumba ikupsa. Sindinama, kudwala kotere kumakoma masiku oyamba. Koma inu mukanakhalapo mukanandikoka chala chakuphazi n'kunena zija munkanena mukandipeza dzuwa litakwera ndili chigonere: “Saidi, mphasayo sunaikwatire, isiye.”

Makina anga osokera anali akadali pamalo pake, pakhonde la sitolo ya Che Mdoka, moyang'anana ndi msika. Amene ankawapalasa ndili chigonere ndi Amidu, mwana wa Hawa, mphwanga amene ndinamuphunzitsa ndekha kusoka. Ndi mnyamata wabwino, wakula, ali ndi ndevu tsopano. Kolala amaipotozabe pang'ono, koma anthu sankadandaula, makamaka atsikana obwera kudzawonjezetsa madiresi kuti aziphimba mawondo monga boma likufunira. Tsiku lina Che Mdoka anabwera kudzandizonda, ndipo atamwa tiyi anakhosomola, nati:

“Che Saidi, ine sindikukuthamangitsani iyayi. Koma Ramazani ili pafupi, ndipo anthu ayamba kundifunsa kuti zovala za Idi asoka ndani. Khonde langa likufuna telala mmodzi wodziwika. Mwezi ukaoneka inu muli pamphasa pomwepa, ndimuuza Amidu kuti malo aja ndi ake.”

Hawa naye anabwera ndi mawu ake ofewa. “Achimwene, mwasoka mokwanira, pumulani. Mphwanuyu akufuna kukwatira, ndipo kuchikamwini akamufunsa kuti amagwira ntchito yanji.” Onse awiri ankanena zoona, ndiye zinkandipweteka kwambiri. Makina amenewo ndinachokera nawo ku Halale, inu n'kuwalandira ndi nthungululu. Pakhonde limenelo ndi pamene ndalelera ana, ndi pamene ndimamvera nkhani zonse za dziko, ndi pamene anthu amandipatsira moni wa ulemu. Munthu ukachoka pakhonde umasanduka “madala aja ankasoka aja.” Ine sindinafune kukhala madala amenewo ndikadali ndi maso oona bowo la singano.

Apa ndi pamene analowerera mdzukulu wanu Patuma, mwana wanga wamkazi. Mukukumbukira mmene anthu anatinenera titamutumiza kusukulu, ati akamudyetsa nkhumba n'kumusintha dzina. Inu munangoti, “Amene akudandaula abereke wake.” Lero Patuma yemweyo amagwira ntchito kuchipatala ku Blantyre, m'chipinda cha mafizo chomwecho, amavala zoyera, ndipo Swala, mapemphero athu aja, sanaisiye. Atamva kuti chikhakha anachotsa, anapempha tchuthi, n'kukwera sitima mpaka ku Liwonde, kenako basi. Atafika anagwada patali, pafupi ndi chitseko, monga munamulangira, nandipatsa moni bwinobwino. Moni utatha maso ake anapita pamwendo.

“Ababa, chichotsereni chikhakha mwakhala mukutani?”

“Ndakhala ndikuchira,” ndinatero.

“Tapindani bondolo ndione.”

Ndinayesa. Linangosuntha pang'ono n'kuima, ine thukuta kamukamu. Patuma anayang'ana mayi ake, mayi ake n'kuyang'ana kudenga.

“Ababa, fupa lanu linachira kale. Chimene chikukudwalitsani tsopano ndi kugonaku. Bondo likakhala nthawi yaitali osapinda, mitsempha imafupika, minofu ya pantchafu imatha. Mukapitiriza chonchi liuma mpaka kalekale, ndipo makina simudzawapalasanso.”

“Nanga mankhwala ake wabwera nawo?”

“Mankhwala ake ndi manja. Ndiyenera kugwira pantchafu apo ndi pakakolo, ndizilipinda pang'onopang'ono, m'mawa ndi madzulo.”

Amayi, pamenepo ndinakoka nsalu n'kufunditsa mwendo wonse. Ndinati iyayi. Mwana wamkazi wotha msinkhu, wovinidwa, agwire ntchafu ya bambo ake? Kuchipinda kwanga komwe salowa, malaya anga ogonera sachapa, ndiye lero andivundukule mwendo? Inu nomwe mukanadzuka kumeneko.

“Ababa, kuntchito ndimagwira miyendo ya mashehe, ya abusa, ngakhale ya apolisi.”

“Amenewo sanakubereke.”

“Ndiye ndiphunzitse achimwene a Amidu, azikupindani iwo.”

“Amidu? Munthu amene akudya bwino chifukwa bondo langa lauma?”

Mawu amenewo anali oipa, ndipo ndinadziwa akutuluka kumene. Amidu analibe mlandu, komanso tsiku lonse amakhala pamakina. Ine ndinayang'ana khoma, Patuma kuyang'ana pansi, misozi ili lengelenge, poti anayenda ulendo wonsewo kudzathandiza bambo ake, bambo akewo n'kumukana. Apongozi anu, amene nthawi yonseyi ankasankha nyemba pakhomo ngati sakumva, anaika lichero pansi, nati:

“Iwe Patuma, kodi manja amenewo ndi akusukulu okha? Angawa sangathe? Mwendo umenewu ine ndaudziwa iwe usanabadwe.”

Ndi mmene inayambira sukulu ya Abiti Jafali. Madzulo omwewo Patuma anayala mkeka kuseri kwa nyumba, nagoneka mayi ake, n'kumawapinda mwendo kuti amve m'thupi mwawo mmene dzanja liyenera kukankhira. Kenako anasinthana, mayi kupinda mwana. Ine ndinkangomva kuseka kwawo ndili m'nyumba, mtima uli m'mwamba, podziwa kuti nyama imene akunolera mpeniyo ndine.

M'mawa mwake anandilowetsa kuchipinda. Patuma anaima panja, pafupi ndi zenera, atatsamira khoma, nkhope ataloza kumunda kuti asaone kanthu. Choyamba anati andifunditse bondo ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda, osati otentha, kuti mitsempha ifewe. Nsalu itazizira, mawu anayamba kulowa pazenera.

“Amayi, dzanja limodzi pansi pa bondo, lina pakakolo. Chidendene chisachoke pamphasa. Kankhirani cha kwa iwo, pang'onopang'ono.”

Anakankha. Ine ndinabuula ngati ng'ombe. Apongozi anu anautaya mwendo n'kulumphira kukhoma.

“Patuma, akulira!”

“Afunseni, kukukoka kapena kukubaya?”

“Bambo a Patuma, akuti kukukoka kapena kukubaya?”

“Ndamva, sindine gonthi. Kukukoka.”

“Akuti kukukoka.”

“Pitirizani, Amayi. Kukamakoka ndiye kuti ntchito ikuyenda. Mufike pamene pakukokapo, muime kaye, kenako mubweze. Koma kukabaya ngati singano, kapena bondo likatupa n'kumatentha, pamenepo musiye. Ababa, musamange mpweya, pumani!”

Tsiku lachiwiri kubuula kwanga kunafika kwa Che Mussa, a nyumba yakumtunda aja. Anavala chisoti mothamanga, natenga kitabu cha mapemphero, poganiza kuti nthawi yanga yakwana, adzandiwerengere. Atafika anapeza Patuma ali chilili kukhoma akukuwa kuti “Pindaninso, Amayi, musawamvere chisoni!” ine m'kati ndikuitana dzina lanu. Pofika madzulo msika wonse wa pa Ntaja unali utamva kuti Che Saidi akumenyedwa ndi akazi awo, mwana akuchemerera pazenera. Mpaka lero amayi ogulitsa matemba akandiona amafunsa kuti, “Lero akusiyani bwanji, Che Saidi?”

Chimene sindinayembekeze ndi chakuti apongozi anu ntchitoyi aikonda. Munthu amene ankanjenjemera tsiku loyamba uja, patangopita masiku ochepa anayamba kundidzutsa yekha. “Zaka zonsezi mwakhala mukuti Abiti Jafali madzi, Abiti Jafali tiyi, Abiti Jafali nsapato zanga zili kuti. Lero ndi ine. Pindani!” Ndikati ndatopa, ankati madzi a tiyi sanawire, ndipo tisiya akawira. Ndikukhulupirira kuti nkhuni ankazichotsako dala pamoto. Koma ndikuuzeni, Amayi, chikwatiranireni ine ndi iwo sitinasekepo limodzi ngati mmene tasekera pamwendo umenewu.

Panalinso zina zimene Patuma anati ndizichita ndekha, popanda wondigwira. Anapinda chitenje n'kuuza mayi ake achiike pansi pa bondo, ine ndizilikanikizira pansi mpaka ntchafu italimba, kenako n'kumasula. Anati minofu ya pantchafu ndiyo imanyamula bondo, ikafooka munthu amagwa ngakhale fupa lili bwino. Anandisoketsa kathumba pamanja, tinathiramo mchenga pang'ono, ndipo ndinkakhala pampando kathumbako kali pakakolo, n'kumawongola mwendo ndi kuutsitsa mosathamanga. Mphamvu zikamabwera, mchenga ankawonjezera. Anatenganso thabwa n'kuligoneka pakamtengo kozungulira kuti lizipendama uku ndi uku ngati chopondera cha makina, ndipo ndinkalipalasa ndi mapazi onse awiri ndili pakhomo, nkhuku zikundiyang'ana.

Ndodo nayo ndinkaigwira molakwika. Ine ndinkaigwirira kumanzere, mbali ya mwendo wovulala, poganiza kuti ilowe m'malo mwake. Patuma anati iyayi, ndodo imakhala kudzanja la mbali yabwino, n'kumapita kutsogolo limodzi ndi mwendo wodwalawo, kuti thupi lisapendame ndipo chiuno chisayambe kupweteka nacho. Ndinatsutsa, koma nditayesa ndinaona kuti ndikuyenda ngati munthu, osati ngati nkhanu. Pa zakudya anati mazira amene anthu ankabweretsa aja ndizidya ndithu, pamodzi ndi matemba osachotsa minga, nyemba ndi masamba, poti fupa ndi mnofu zimamangidwa ndi zimenezo. Anatinso ndizituluka kukawothera dzuwa la m'mawa, osamangobindikira ngati mkamwini wamanyazi.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Nditaona kuti bondo layamba kumvera, Lachisanu lina ndinanyamuka mwakachetechete mpaka kumzikiti, ndipo ndinafuna kusujudu, kugwada mpaka mphumi kugunda pansi, pamodzi ndi anzanga kuti aone kuti Che Saidi abwerera. Ndinatsika bwino, koma kudzuka anachita kundidzutsa anthu awiri. Pofika kunyumba bondo linali litatupa ngati papaya. Patuma sanakalipe, anangoti, “Ababa, poyamba munagona mopitirira, tsopano mwathamanga mopitirira. Bondo limafuna pang'ono tsiku lililonse, osati zambiri tsiku limodzi.” Anandigoneka mwendo uli pamwamba pa mitsamiro, mayi ake n'kumaika nsalu yoviika m'madzi ozizira a mumtsuko, ndipo kupinda kunaima mpaka kutupa kutaphwa. Ashehe nawo anabwera kudzandiuza kuti wodwala amaloledwa kuswali chokhala, Mulungu safuna kuti munthu adzithyole. Kuyambira pamenepo ndimaswali pakampando, kumapeto kwa mzere.

Tchuthi chake chili pafupi kutha, Patuma anapita kukaona khonde. Anabwerako atasenza bokosi la sopo limene ndakhalira zaka zonse ndikusoka, nalitula pabwalo.

“Ababa, amene wakhala akukupwetekani msana zaka zonsezi ndi uyu. Njinga yangothyola mwendo, koma uyu wakhala akukudyani tsiku ndi tsiku.”

Ndinati bokosi limenelo landilerera ana, iye yemwe ali m'gulu. Iye anati bokosilo ndi lalifupi, ndikakhalapo mawondo amakwera kuposa chiuno, msana n'kupindika ngati uta, khosi n'kutsogola kufunafuna singano. Anati n'chifukwa chake madzulo ndinkabwera kunyumba nditagwira m'chiuno, ndipo bondo lochira kumene silingapirire kukhala kotero. Ndinakumbukira inu, Amayi, mmene munkandimenyera kambama pamsana mukandipeza pamakina: “Wongoka, Saidi, ukalamba usanakwatire!” Ine ndinkayesa mukungofuna pondigwira.

Anaitana kalipentala, nandikhazika pampando wapabalaza, kalipentalayo n'kuyeza ndi kamtengo kuchokera pansi mpaka kubondo langa, Patuma akulozera ali patali. Anapanga mpando wokwera bwino, woti mapazi afike pachopondera mosakakamiza, mawondo asapose chiuno, ndiponso wokhala ndi potsamira. Apongozi anu anasoka kamtsamiro ka thonje koika m'munsi mwa msana. Makina nawo Patuma anauza Amidu awatembenuze kuti kuwala kuzigwera pasingano kuchokera m'mbali, munthu asamachite kuweramira nsalu, ndipo mwendo umodzi wa makina umene unkagwedera anauikira kathabwa. Kenako anandipatsa malamulo ake: kupalasa ndi mapazi onse awiri, sizasi ndi ulusi zikhale pafupi kuti ndisamapotoke pozitenga, ndipo ndikamaliza msoko wautali ndiziimirira n'kuyenda mpaka kumapeto kwa khonde, ngakhale ntchito ichuluke bwanji. Bokosi la sopo lija tsopano muikira nkhuku.

Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza ndi ndodo yanga mpaka pokwerera basi. Anyamata a chipani anali pomwepo akufunsa makhadi, iye anaonetsa lake, nakwera. Ali pazenera anaitana mayi ake, nati, “Amayi, musawalekerere.” Iwo anayankha kuti, “Pita bwino, mwanangu, chisoni chinandithera kalekale.” Anthu onse pamalopo anaseka, ine ndemwe. Ndipo sanandilekerere ndithu. M'mawa uliwonse nsalu yofunda, kupinda, kathumba ka mchenga, thabwa. Bondo linkabwera pang'onopang'ono, mwina sabata yonse osaona kusintha, kenako tsiku lina n'kupeza kuti ndakhala pampando phazi lili pansi bwinobwino osaganizako.

Mwezi wa Ramazani unaoneka kunja kukutentha kale. M'mawa mwake ndinasamba, ndinavala mkanjo woyera, ndinakoleka tepi yanga m'khosi, n'kuuyamba wa kumsika. Ndinkadziwa, Amayi, kuti thabwa la pakhomo si makina. Nditafika, Amidu anaimirira msanga nandipatsa mpando. Che Mdoka anatuluka m'sitolo atanyamula nsalu yoyera yodula kale, ya mkanjo wa ashehe, nati, “Che Saidi, takulandirani. Tiyeni tione.” Hawa analipo, anali atabwera dzulo lake, ati kudzagula mchere. Amayi a matemba anasiya malonda awo. Che Mussa nawo anaima potero manja ali kumbuyo.

Ndinakhala pampando watsopano, msana kutsamira, mapazi onse awiri pachopondera. Ndinati Bisimillahi n'kupondereza. Mwendo wamanzere unachedwa, gudumu linabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka kuti phwi. Chimenecho ndi cholakwa cha wophunzira wa tsiku loyamba. Amidu anayang'ana kumbali kuti asandichititse manyazi. Ndinalowetsanso ulusi, ndipo m'mutu mwanga ndinamva mawu a pazenera aja akuti ndisamange mpweya. Ndinapuma, ndinayambitsa gudumu ndi dzanja, mapazi n'kulilandira. Makina analira kulira kwake kuja mukukudziwa, ndipo nsalu inayenda. Bondo linkakoka, koma silinkabaya. Msoko unatsika kuchokera m'khwapa mpaka kumpendero, wowongoka ngati njanji.

Nditafika kumapeto ndinadula ulusi, ndinatenga ndodo, ndinaimirira n'kuyamba kuyenda kulowera kumapeto kwa khonde. Che Mdoka anadzidzimuka.

“Bwanji, Che Saidi, mwalephera?”

“Iyayi. Ndi lamulo la adokotala.”

“Adokotala ake ati?”

“Mwana wanga.”

Ndinanena mokweza kuti ndi a matemba omwe amve. Ndinakafika kumapeto, ndinawongola msana, ndinabwerera, ndinakhala, n'kusoka mbali inayo. Dzuwa lisanafike pamutu mkanjo unali utatha, kolala ili chilili. Che Mdoka anautembenuza uku ndi uku, nayang'ana misoko yam'kati, kenako anati, “Khonde ndi lanu, Che Saidi. Amene akufuna za Idi abweretse nsalu.”

Anthu akuombera m'manja, ndinaona Amidu akutola sizasi yake ndi choko n'kumazikulunga m'kansalu mwakachetechete. Hawa anali atayang'ana pansi. Chimwemwe changa chinaphwa pomwepo, chifukwa mnyamatayo anasunga makina anga miyezi yonseyi, akuwathira mafuta, osataya kasitomala ndi mmodzi yemwe, ndipo ine ndinali nditamunenera mawu oipa kumbali. Komanso kunena zoona bondo linali litayamba kulemera.

“Iwe Amidu, ukupita kuti?”

“Kunyumba, amalume. Malo abwerera kwa eni ake.”

“Tamasula zimenezo. Adokotala omwewo anati ndisapalase tsiku lonse. M'mawa makina ndi anga, dzuwa likapendeka ndi ako, ine ndizidula nsalu patebulo. Ukakafunsidwa kuchikamwini, ukanene kuti ndiwe telala wa pa Ntaja, pakhonde la Che Mdoka. Koma makolala onse azidutsa m'manja mwanga, ndipo pampandopo ukhale mowongoka.”

Che Mdoka anati iwo ankafuna telala mmodzi, koma ngati awiriwo akukwana pampando umodzi alibe mawu. Hawa anangopita kukagula mchere uja, ndipo madzulo anatiphikira futari yabwino yomasulira swaumu, kusala kwathu kwa Ramazani. Mmene ndikunena pano nsalu zaunjikana mpaka pazenera la sitolo. Amidu akupalasa, ndi chifukwa chake ndapeza mpata wokhala ndi aphunzitsi masana ano. Ukwati wake tikuukonza Idi ikadutsa, ndipo malaya a mkwati ndisoka ine.

Bondo silinafikebe posujudu, ndipo kukazizira limandikumbutsa kuti lilipo. Patuma akuti lifika, bola ndisalithamangitse ndiponso ndisalisiye. Ndinafuna mudziwe kuti mdzukulu munamuikira kumbuyo uja wadzutsa bambo ake osawakhudza ndi chala chomwe, ndipo mwambo wanu sunathyoke.

Aphunzitsi akuti dzanja lawo latopa, ndawauza aimirire ayende mpaka kumpanda n'kubwerera. Ndilekere pomwepa. Timakupemphererani duwa tsiku lililonse, makamaka mwezi uno, kuti Mulungu akukulitsireni malo ndi kukuunikirani. Ndikulonjeza kuti bondoli likangolola, Insha Allah, ndibwera ku Ngokwe kudzalambula pamene mwagonapo, ndipo ndidzagwada ndekha pambali panu, popanda wonditsitsa kapena wondidzutsa.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka lero,

Saidi